Chikuku cha Amayi ndi Nyumba ya Magalasi

5 Meyi

Wokondedwa Kachete,

Ndikhulupirira unafika bwino kwa mkulu wako. Kuno tilipo. Amako akudya, akugona, koma mwendo ndi dzanja lamanzere sizinasinthe chiwagwereni sitiroko ija.

Ndakulembera kalata chifukwa pafoni umangoti “eee” ndi “ayi”, ndiye ine sindidziwa kuti wavomera chiyani. Papepala umalankhula. Yankho uzipereka kwa adalaivala a basi, amadutsa pashopu panga.

Ntchito imene takutumira ndi imodzi. A chipatala chachikulu atipatsa tsiku la 2 Juni kuti amako ayambe mafizo, masewera olimbitsa mwendo ndi dzanja, katatu pa sabata kwa miyezi isanu ndi umodzi. Adokotala ananena mosabisa kuti akachedwa kuyamba kapena akamadumphitsa masiku, dzanja lija liuma, ndipo malo awo apatsidwa wina. Choncho afunika pokhala m’tauni momwemo. Azakhali ako apereka chipinda chawo chakumbuyo, koma mkulu wako akuti amake sangakhale kuseri kwa msika iye atangolowa kumene nyumba yatsopano. Amako aiona nyumbayo pa foni ya aneba, m’makanema amene mkulu wako amajambula aja, ndipo mtima wawo wafika kale kumeneko. Ine ndine kalipentala, chinthu chimene sindinayeze sindichikhulupirira.

Mu envelopu muno muli chingwe. Mfundo yoyamba ndi kukula kwa chikuku cha amako m’lifupi, kuphatikizapo zala za munthu wogwira matayala. Mfundo yachiwiri ndi pamene dzanja lawo limafika m’mwamba atakhala pachikukupo. Uyeze zitseko. Uyezenso zina zimene ukudziwa iwe, popeza ndiwe wakhala ukuwasambitsa chidwalireni.

Usamuope mkulu wako. Phokoso lija anabadwa nalo.

Ndine bambo ako.

9 Meyi

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Moni nonse. Ndinafika bwino, achemwali anandichingamira padepoti ndi galimoto ya hayala. Kalata ndi chingwe ndalandira. Amayi mukupeza bwanji? Akukusambitsani ndani? Muziwauza ayambe ayesa madzi ndi chigongono, chifukwa kumanzere kuja simumva kutentha.

Nyumba ndi yokongola monga mmene imaonekera pafoni. Ili pamwamba, nsanjika yachisanu ndi chimodzi, ndipo timakwera pa chikepe. Tsiku loyamba chitanyamuka ndinagwira mkono wa achemwali, iwo n’kumaseka. Khoma limodzi la pabalaza ndi galasi lokhalokha kuchokera pansi mpaka kudenga. M’mawa mumawala bwino osayatsa getsi. Achemwali akuti n’chifukwa chake anaikonda, nkhope imatuluka yosalala pa kanema. Zonse ndi zoyera, matailosi, mipando, ngakhale ketulo. Ndimaopa pokhala.

Chitseko chachikulu ndayeza, chingwe chadutsa mpata n’kutsala. Cha chikepe chadutsanso. Cha kuchipinda chadutsa. Cha kubafa ndi chagalasi, chogwirira chake ngati golide, ndidzayezanso bwino.

Ntchito ya achemwali ndaiona. Amadzuka, kudzola, kuimika foni pa kachitsulo ka miyendo itatu, n’kuyamba kulankhula ndi anthu amene palibe. Chinthu chimodzi amatha kuchinena kasanu mpaka chituluke mmene akufunira. Ine ndimawagwirira nyali. Akuti ndine wantchito wabwino chifukwa sindigwedezeka ndiponso sindiyankha.

Achemwali ali pambali panga pano, akuti aikemo yawo mu envelopu yomweyi. Munditumizireko nsapato zanga zalabala zija, pansi pano pamaterera.

Ndine mwana wanu,
Kachete.

9 Meyi

Madala ndi Amayi anga okongola,

Taonani mwandigwiritsa cholembera ngati ndili sitandade faivi! Kachete wakhala akuzungulira nyumba yonse ndi kachingwe ngati akufuna kuisokera yunifolomu. Madala, kuno si kushopu kwanu, nyumbayi anamanga ndi anthu a sukulu zawo.

Amayi, zonse zakonzeka. Chipinda chimene ndimajambuliramo ndi chanu, nyali ndi zovala ndizikankhira mbali imodzi. A kampani ina ya mipando andipatsa bedi lalitali, lofewa moti mukagonapo muiwala kuti muli ndi msana. Anthu onditsatira ndawauza kale kuti Amayi akubwera kunyumba, ndipo ndemanga zake mukanaziona! Ena akulira, ena akuti ndikupatseni moni, wina akuti akutumizirani bulangeti.

Nyumbayi ndinaipeza mwamwayi. Eni ake akufuna anthu aidziwe, ndiye tinagwirizana kuti ndikhalemo motchipa chaka chathunthu, ine ndiziionetsa m’makanema. Chawo n’chakuti ndisainenere zoipa, ndiponso ndisakhome msomali kapena kuchotsa kanthu. Zoipa zake ziti? Ndinabwera kudzaiona katatu ndisanasaine.

Za kwa azakhali tisakambe n’komwe. Mayi anga azikadzutsidwa ndi anthu okuwa pamsika ine ndili moyo? Anthu adzati chiyani? Ndiloleni ndikuchitireni kanthu kamodzi kooneka.

Ndine mwana wanu woyamba, amene munkati sadzaphula kanthu ndi foni.

14 Meyi

Kachete,

Moni. Makalata onse awiri tawalandira, ndipo amako andiwerengetsa katatu. Nsapato zako ndi izi.

Ndaona kuti chingwe chadutsa ponseponse pamene unayeza. Cha kubafa ndikhulupirira unamaliza, ukanapeza vuto ukanaimba. Popeza sunalembe choletsa, ine ndatenga kuti palibe choletsa.

Dzulo ndawaimbira azakhali ako kuwathokoza ndi kuwauza kuti amako akakhala kwa mkulu wako. Anangoti “chabwino achimwene” n’kudula. Pambuyo pake atumiza uthenga kuti chipinda chija apereka kwa aphunzitsi ena amene akhala akuchifuna, alowa mwezi ukatha.

Tinyamuka pa 31. Adalaivala atisungira mpando wakutsogolo, chikuku chikwera pamwamba. Amako asoketsa diresi yatsopano, akuti sangalowe m’nyumba yoyera ndi zovala za kuchipatala. Chidwalireni sindinawaonepo akusangalala chonchi.

Wagwira ntchito.

Bambo ako.

17 Meyi

Bambo,

Moni. Iyi muyambe mwawerenga nokha. Ndikulembera pamasitepe, achemwali sakudziwa.

Kalata yoyamba ija ndinalakwitsa. Chitseko cha kubafa ndinali nditayeza kale, koma achemwali ankawerenga mzere uliwonse ndikulemba. Dzulo ndinakuimbirani kuti ndinene, makina akulira kushopu, inu munati “zonse zili bwino eti?”, achemwali ataima pakhomo la khitchini, ine n’kuti eee. Mundikhululukire.

Chitseko cha kubafa n’chopapatiza, chaperewera zala zitatu kuti chifike pa mfundo yoyamba. Sichitsegukanso chonse, chimagunda sinki. Chimbudzi chili momwemo. Mosambira ndi mozama ngati bwato, m’mphepete mwake mumandifika m’ntchafu, ndipo palibe poika kampando.

Lolemba achemwali anapita kukajambula kusitolo ya nsapato. Ine ndinatenga mpando wawo wamatayala, ndinamanga dzanja lamanzere ndi nsalu, ndinati ndikhale tsiku lonse ngati Amayi, osaimirira. Kuyatsa getsi ndinatha. Mpopi wa kukhitchini sindinaufikire, ndipo makapu ali kutali kupitirira mfundo yachiwiri. Bedi lija limandifika m’chiuno, ukatsamira chigongono chimamira, sungadzikoke. Mpando ukangoukankha pang’ono pamatailosi umapita wokha mpaka kukhoma.

Itakwana wani koloko dzuwa linatembenukira kugalasi. Bambo, galasi lija silitseguka. Pali kazenera kamodzi pamwamba, ndipo makatani mulibe poti n’koletsedwa kukhoma msomali. Kuyambira nthawi imeneyo mpaka dzuwa kulowa, m’nyumba mumakhala ngati mu uvuni. Zodzoladzola za achemwali zimakhala mufiriji, zinawasungunukira sabata yoyamba. Iwo masana amachoka, kapena amagona pamatailosi ndi thaulo lonyowa. Zimenezo sajambula. Cha m’ma thu koloko ndinafuna kuchimbudzi. Ndinafika pachitseko, ndinayesa chakutsogolo, ndinayesa chobwerera m’mbuyo, kenako ndinaimirira n’kulowa. Ine ndinatha kuimirira.

China ndi chikepe. Ndakhala kuno masiku 14, ndipo masiku asanu ndi limodzi chinaima, tsiku lina kuyambira m’mawa mpaka madzulo. Magetsi akazima jenereta imangoyatsa mababu a m’makonde. Masitepe alipo 108. Madzi nawonso amatha magetsi akazima chifukwa amakwera ndi pampu, ndiye ndimakatunga pansi kumpopi wa alonda. Tsiku lina alonda anandiona ndi ndowa yachitatu, anati, “Mwana iwe, kodi kumwambako mwatsegula dimba?” Nditawauza za Amayi anasiya kuseka. Anati, “Akulu akowo ndinawaona akubwera kudzaona nyumba katatu, konse cha m’ma naini m’mawa, foni kutsogolo iwo pambuyo. Anandifunsa kumene dzuwa limatulukira. Za madzi sanandifunse.”

Poyanika zovala palibe, ndipo kuyanika pazenera n’koletsedwa chifukwa akuti zimanyansitsa nyumba. Inu mukudziwa kuti zofunda za Amayi zimachapidwa tsiku ndi tsiku. Achemwali akamajambula pamafunika zii maola atatu, firiji yomwe amazimitsa. Sindidziwa kuti chifuwa cha Amayi chija adzachizimitsa bwanji.

Achemwali sananame, nyumbayi ndi yabwino pa ntchito yawo. Koma Amayi akakwera kuno, tsiku la mafizo chikepe n’kuima, sitingawatsitse awiri. Chonde aimbireni azakhali asapereke chipinda.

Kachete.

21 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Ndalemba ndekha, uwerenge pang’onopang’ono, pepala likuthawa chifukwa palibe dzanja loligwira.

Bwanji wangoti zii? Basi ija yafa, ili kugalaja sabata yonse ino, ndipo adalaivala apita kukasaka chitsulo chake. Iyi ndapatsira adalaivala a lole. Bambo ako foni yawo inagwera mu guluu, akuti akonzetsa mwezi ukatha.

Ndaonera kanema wa chipinda changa kwa aneba. Bedi lake! Umuuze mkulu wako aliike pafupi ndi galasi, ndizikaona magalimoto ali pansi ngati nyerere. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyang’ana khoma la shopu ya bambo ako.

Chala chachikulu cha kumanzere dzulo chinagwedezeka pang’ono. Anesi akuti ndi chizindikiro chabwino, bola ndisaphonye tsiku.

Kwatsala masiku khumi. Ukudya koma?

Amako.

23 Meyi

Okondedwa Azakhali,

Moni. Ndinabwera koma ndapeza muli kuntchito, ndiye ndasiya iyi pansi pa chitseko. Ndine Kachete.

Ndikupempha kuti chipinda chija musapereke kaye. Bambo anakuuzani kuti sichifunikanso chifukwa cha kalata yanga imene sindinalembe zonse. Ndinalemba ina yokonza, koma yatsakamira m’basi yakufa, ndipo foni ya Bambo siikugwira. Foni ya aneba sindingaimbire chifukwa amayankha ali ndi Amayi pomwepo.

Nyumba ya achemwali chikuku sichilowa kuchimbudzi, ndipo chikepe chimaima. Amayi akuyamba mafizo pa 2 Juni. Sindinatumidwe ndi munthu, ndabwera ndekha. Ndikudziwa kuti si malo anga, koma palibe wina amene wayeza.

Ndine mwana wa achimwene anu.

24 Meyi

Iwe Kachete,

Kalata yako ndaiona. Iyi ndasiya kwa alonda a nyumba yanu yagalasiyo. Anati ndikwere, ine ndati miyendo yanga ndi ya pansi.

Iwe ulibe mlandu. Alamu anga, amako, alibenso mlandu. Koma undimvetse. Mkulu wakoyo atabwera m’tauni muno alibe ndi supuni yomwe, anagona m’chipinda chomwecho zaka zitatu. Chaka chatha anabwera kudzandiona, ine n’kumati mwana wakumbuka. Osadziwa akujambula. Anaonetsa dziko lonse chitseko changa cha kuchimbudzi chomanga ndi waya, ndi ine ndikuwodzera pakhonde kukamwa kuli yasa, n’kulembapo kuti “kumene ndinachokera”, ndi kanyimbo kachisoni. Kuntchito anandiseka mwezi wathunthu. Mpaka lero wogulitsa tomato amandiitana kuti a Kumene-ndinachokera.

Ndiye lero nyumba yomweyo yakhalanso nyumba? Aphunzitsi aja akubwera pa 30 kudzatenga kiyi. Ngati mkulu wako akufuna chipinda cha amake, abwere yekha lisanafike tsikulo, apemphe ndi pakamwa pake, foni itatsala kunja kwa geti. Bambo ako asandiimbire, iwenso usabwere kudzandilirira. Ndikufuna mwini wake.

Azakhali ako.

25 Meyi

Achemwali,

Ndasiya kalatayi pa ketulo chifukwa ndayesa katatu kukuuzani, mawu osatuluka. Ndapita kukatunga madzi.

Amayi sangakhale muno. Chikuku chawo sichilowa kubafa ndi kuchimbudzi, chitseko chaperewera zala zitatu, ndipo simuloledwa kuchichotsa. Masana mukudziwa nokha mmene mumatenthera. Chikepe chikaima tsiku la mafizo ndiye kuti aphonya, akaphonya kangapo awachotsa.

Bambo ndinawalembera zimenezi koma kalata sinafike. Ndinapitanso kwa azakhali osakuuzani. Akuti chipinda chilipo mpaka pa 30 ngati mupita nokha kukapempha, opanda foni. Akadali okhumudwa ndi kanema wa chaka chatha uja.

Sindikunyoza nyumba yanu. Ndakhala bwino muno ndipo mwandisunga bwino.

Mng’ono wanu.

25 Meyi

Kachete,

Popeza m’nyumba muno tayamba kulemberana ngati ofesi ya boma, nayi yako.

Ndiye masiku onsewa umandigwirira nyali kwinaku ukundilembera lipoti? Munthu wofatsa iwe! Kudya zanga, kugona pa zanga, n’kupita kukandigwadiritsa kwa azakhali? Ukanangonena kuti ukufuna Amayi akhale kumene iwe uzikalamulira. Chidwalireni aliyense amati Kachete, Kachete, ngati ine ndinabadwira kwina.

Zala zitatu n’chiyani? Kachingwe ka Madala kamatamuka. Mawa ndibwereka chikuku chenicheni kusitolo ya zachipatala, ndikhalapo ndekha, ndizungulira nyumba yonse anthu akuonera pompopompo. Ndikufuna uone ndi maso ako, ndipo nyali ugwira ndiwe.

Madziwo uike m’bafa, usadonthetse pabalaza.

Mkulu wako.

28 Meyi

Kachete,

Moni. Tili bwino. Basi yadzuka, ndipo kalata yako ya pa 17 ndailandira dzulo ikununkha dizilo. Koma nkhani yake tinali titaiona kale.

Iwe unalipo, koma sukudziwa mmene zinaonekera kuno. Aneba anabwera akuthamanga kuti mkulu wako ali pafoni pompano, wakhala pachikuku. Tinasonkhana pakhonde, amako pakati, ine ndi utuchi wanga, ndi makasitomala awiri amene anakana kuchoka. Mkulu wako anayamba bwino, akuzungulira pabalaza, “taonani abale anga mmene Amayi azidzayendera.” Atafika pachitseko chija ndinamva ndekha tayala likugunda. Anabwerera, anabweranso ndi mphamvu, chikuku n’kulowa theka, zala n’kupanikizika. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Anati, “Kachete, tandikoka,” akumwetulirabe. Kenako anati, “Kachete, siya nyaliyo, ndikoke!” ndi mawu ake enieni a kunyumba.

Amako anaseka mpaka misozi. Kenako aneba anayamba kutiwerengera zimene anthu akulemba. Ambiri ankaseka, koma mayi wina analemba kuti iye wakhala pachikuku zaka khumi, ndipo anafunsa mofatsa kuti magetsi akazima mayi anuwo atsika bwanji. Mkulu wako anayang’ana foni, kanema n’kuduka. Amako anati ndiwalowetse m’nyumba. Diresi ija aipinda okha ndi dzanja limodzi, sanandilole kuwathandiza.

Ine ndinalakwa kuwerenga zimene sunalembe. Iwenso unalakwa, chinthu ukachiyeza umanena tsiku lomwelo, ngakhale mwini wake ataima pamsana pako.

Azakhali ako ndawaimbira pa foni ya aneba, andiuza mawu omwe anakuuza iwe, n’kudula. Mlongo wanga ndimamudziwa, sasintha. Ife pa 31 tikunyamuka basi, chifukwa tsiku la chipatala silisuntha. Adalaivala abwerako pa 30. Uwapatse yankho, utiuze potsikira.

Bambo ako.

30 Meyi

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Moni. Iyi muwerenge nonse. Mukatsikire kwa azakhali.

Kanema uja atangoduka, eni nyumba anaimba. Anati achotsedwe msanga, ndipo zikadzachitikanso mgwirizano watha. Achemwali anati, “Ine ndanena choipa chiti? Anthu aona okha.” Anachotsabe, koma anthu anali atatumizirana kale. Zala ziwiri zinasupuka, ndinawamanga bandeji. Masiku awiri sanandilankhule ndipo sanajambule. Dzulo m’mawa anatuluka kuchipinda atavala diresi wamba, osadzola, anati, “Tiye, usanayambenso kundilembera.”

M’minibasi anangolankhula kamodzi. Anati, “Ndimafuna Amayi aone kuti zinanditheka.” Ine ndinati Amayi anaona kale. Sindikudziwa ngati anamva.

Pageti anandipatsa foni. Azakhali anali pakhonde akusita yunifolomu, sanadzutse mutu. Anati, “Kodi alendo ochokera kumwamba? Samalani, kuno ndi kumene munachokera, kuli fumbi.” Achemwali anakhala pansi pasimenti, anati, “Azakhali, ndinalakwa. Ndinakujambulani osapempha, ndinakusandutsani choseketsa.” Azakhali anati, “Kwezani mawu, paja pafoni mumakuwa.” Achemwali anabwereza mokweza mpaka a nyumba yoyandikana anasuzumira. Kenako anapempha chipinda. Azakhali anamaliza kusita malaya onse, kolala ndi manja omwe, ndiye anati, “Ukanabwera ndi maluwa ndikanakuthamangitsa. Tenga tsache.”

Aphunzitsi aja azakhali awapezera chipinda kwa anzawo a kuntchito. Sanakondwe, koma avomera.

Kwa azakhali ndayeza zonse, ndipo ndikunena zonse. Zitseko zitatu chingwe chadutsa, cha kuchimbudzi chomwe, ndipo waya uja anachotsa kale. Kubafa ndi pansi pafulati, kampando kakwana, mpopi Amayi aufikira okha. Zenera limatseguka koma likuyang’ana kumpanda, palibe choona kupatula mphaka wa aneba. Pakhomo lolowera pali sitepe imodzi yotalika chikhatho changa, Bambo mubweretse thabwa ndi zida. Denga limadontha pakona imodzi, bedi taliika kwina. Msika umayamba phokoso kusanache bwino, zimenezo achemwali ananena zoona. Kuchipatala ndayenda wapansi ndikukankha wilibala ya azakhali kuti ndione msewu, ndi mphindi makumi awiri, pali dzenje limodzi lozungulira.

Amayi, ndikudziwa kuti si chimene mumayembekezera, ndipo ndine ndachititsa kuti muyembekezere nthawi yaitali. Diresi ija muvale ndithu. Achemwali akuti tsiku limene magetsi ali bwino adzakutengani m’mawa mukaone magalimoto ali pansi, n’kukubwezani dzuwa lisanatembenuke. Akutinso Lachiwiri ndi Loweruka azibwera kudzakusambitsani kuti ine ndizipuma. Ndawaonetsa kanyamulidwe kake pogwiritsa ntchito azakhali, ndipo azakhali akuti akawagwetsa adzaona.

Bedi lalitali lija latsala komweko, a kampani akufuna lizionekabe. Mugona pa lakale la achemwali.

Adalaivala ndawauza kale njira, akadutsa msika akhotere kumanzere, geti lobiriwira. Mukapeza achemwali akukolopa pakhonde musaseke, Bambo, chifukwa akangosekedwa asiya, ndipo mbali ya kuchitseko sanafikeko.

Ndine mwana wanu,
Kachete.